Kakonzedwe ka chakumwa cha jinja, ndimu ndi uchi

Jinja amafuna moto, koma ndimu ndi uchi zimadana nawo. Anthu ambiri amaponyera zonse zitatu m'poto nthawi imodzi, n'kuzisiya kuti zibwate mpaka nyumba yonse inunkhire, kenako n'kumadabwa kuti chakumwa chatuluka chowawa ndipo kafungo ka uchi kapita ndi nthunzi. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi nthawi yake yolowera. Jinja ndiye amayamba, madzi ali pamoto. Ndimu limabwera poto ataphulidwa. Uchi ndiwo umatsekera, chakumwa chitafunda moti mungathe kuchimwa osapsa milomo.

Zofunika pa makapu awiri

Mufunika madzi akumwa aukhondo opitirira pang'ono theka la lita, poti ena amauma pamoto. Jinja akhale wamuwisi, wolemera magalamu 15 mpaka 20, komwe ndi kachidutswa kotalika masentimita 4 kapena 5. Ndimu limodzi lakupsa likwanira, ndipo uchi ndi masupuni aang'ono awiri mpaka anayi. Ziwiya zake ndi poto wokhala ndi chivindikiro, mpeni, supuni ndi sefa ya tiyi.

Posankha jinja muzimugwira m'manja. Wabwino amakhala wolimba ndi wolemerako, khungu lake losalala ndi lopyapyala, ndipo mukathyola kanthambi kake kamathyoka nthawi yomweyo n'kuonetsa mkati mwachikasu monyowa. Wamakwinya, wopepuka, ndiye kuti wakhalitsa: madzi ake anauma ndipo wadzaza ulusi. Ameneyo angagwirebe ntchito ngakhale fungo lake n'lochepa. Koma amene wafewa, akununkha kapena wachita chuku, m'tayeni yense. Musachite kudula poolapo n'kusunga kwinako.

Ndimu lolemera, lakhungu losalala, limakhala ndi madzi ambiri kuposa lakhungu lokhuthala ndi lokhakhala. Mandimu ang'onoang'ono obiriwira aja nawonso amagwira ntchito bwino lomwe.

Uchi uliwonse weniweni ndi wabwino, kaya wakuda kaya woyera, chifukwa mtunduwo umatengera maluwa amene njuchi zinapitako. Uchi ukagwirana n'kukhala ndi timibulu, ambiri amaukayikira kuti anauthira shuga. Si choncho. Uchi weniweni umatero ukakhalitsa, makamaka kukazizira, chifukwa shuga wake wa mtundu wa glucose amaundana. Imikani botololo m'madzi ofunda, usungunuka. Njira zija zoyesera uchi ndi machesi kapena poudonthezera m'madzi n'zosadalirika. Chodalirika ndi kumudziwa amene akukugulitsani.

Jinja pamoto

Yambani ndi kutsuka jinja bwinobwino, makamaka m'mphanda mwa nthambi zake momwe mumabisala dothi. Paja amakulira pansi pa nthaka. Posenda, siyani mpeni, tengani supuni yaing'ono n'kumapala ndi nsonga yake. Khungu limachoka lopyapyala ndipo supuni imalowa m'makona momwe mpeni ukanadula mnofu wambiri. Ngati jinjayo ndi wanthete ndipo mwamutsuka mokwanira, kusenda n'kosafunika n'komwe, popeza mudzasefa.

Kadulidwe ndi kamene kamalamula ukali wa chakumwa. Mukadula timapisi topyapyala, modutsa ulusi wake osati motsatira, mumapeza chakumwa choyera chofatsa. Mukamupala pa chopalira kapena kumuphwanya ndi m'mbali mwa mpeni mpaka atuluke madzi, chimatuluka chaukali ndi chodererako, chifukwa madzi amafika paliponse. Ine ndimakonda wophwanya pamene pakhosi pakukanda, ndipo wa timapisi pamene ndikungofuna chakumwa cham'mawa. Woyamba kumene ayambe ndi timapisi.

Ikani jinjayo m'madzi akadali ozizira, vindikirani, terekani pamoto. Akangoyamba kubwata, chepetsani moto kuti azingowira pang'onopang'ono, tithovu tikutuluka m'mbali mwa poto. Wa timapisi amafuna mphindi 10. Wopala kapena wophwanya, mphindi 5 zakwana. Chivindikiro chisachoke, chifukwa mafuta onunkhira a jinja amauluka ndi nthunzi, ndipo fungo limene ladzaza m'khitchini ndi limene lidzasowe m'kapu. Mukamavundukula, timadontho timene tasonkhana kunsi kwa chivindikiro tigwetsereni m'poto momwemo.

Ukali wa jinja wamuwisi umachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa gingerol. Jinja akaumitsidwa kapena akakhalitsa pamoto, gawo lina la gingerol limasanduka shogaol, amene amaotcha kukamwa kwambiri kuposa mnzakeyo. N'chifukwa chake poto amene waiwalika pamoto kwa theka la ola amatulutsa chakumwa chokhetsa misozi, ndiponso n'chifukwa chake jinja waufa amaluma pakhosi mosiyana ndi wamuwisi. Ngati muli ndi waufa yekha, theka la supuni yaing'ono pa kapu imodzi ndi lokwanira. Ameneyo safuna kuwiritsa nthawi yaitali: m'thireni madzi owira, vindikirani kapu kwa mphindi 5, ufawo ukhazikike pansi.

Nthawi ikakwana phulani poto, musiyeni chivindikirire kwa mphindi zina 5, kenako sefani m'makapu. Zotsalira mu sefa zikanikizeni ndi supuni kuti madzi onse atsike. Timapisi timeneto mungathe kutiwiritsanso kamodzi tsiku lomwelo, ngakhale ulendo wachiwiri chimakhala chofatsa.

Ndimu, poto ataphulidwa

Pamene madzi a jinja akuzizirako, tsukani ndimu, liikeni patebulo n'kulikunkhuniza ndi chikhatho mokanikiza mpaka mulimve kuti lafewa. Kutero kumaphwanya timatumba ta m'kati ndipo madzi amatuluka ambiri. Dulani pakati mopingasa, finyirani theka m'kapu iliyonse kudzera pa sefa kuti njere zitsale.

Pali zifukwa zitatu zosaphikira ndimu, ndipo chachikulu ndi vitamini C, amene amawonongeka ndi kutentha, mpweya komanso nthawi. Nkhaniyi inadziwika mowawa kalekale. Mu 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, ali pa sitima yapamadzi ya HMS Salisbury, anagawa amalinyero 12 odwala matenda a scurvy, aja otupitsa nkhama ndi kufooketsa thupi, n'kuwapatsa mankhwala osiyanasiyana. Awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga. Koma pofuna kuti madzi a zipatsozo azisungika pa maulendo aatali, Lind analangiza kuti aziwatenthetsa kwa nthawi yaitali mpaka akhuthale, ndipo madzi otenthetsawo sankathandiza ngati aawisi. Pa nthawiyo vitamini C anali asanadziwike. Lero tikudziwa kuti moto ndiwo unkamupha.

Chifukwa chachiwiri ndi kuwawa. Kuwawasa kwa ndimu n'kumene tikufuna, koma njere ndi choyera chija cha kunsi kwa khungu zimatulutsa kuwawa zikakhalitsa m'madzi otentha. Amene amadula ndimu lonse ndi khungu lomwe n'kuliphikira limodzi ndi jinja ndi amene pambuyo pake amathira uchi wambirimbiri pofuna kubisa kuwawako. Ngati mukufuna fungo la khungu, lomwe ndi labwino zedi, sendani kachikasu ka pamwamba kokha, kopyapyala, kopanda choyera, n'kukaponya m'poto mutaphula kale. Kasefedwe limodzi ndi jinja. Ndimu la ntchito imeneyi litsukidwe mosamala kwambiri, popeza zipatso zina zimapoperedwa mankhwala kapena kupakidwa phula kuti zisafote.

Chachitatu ndi poto. Asidi wa ndimu amadya poto wa aluminiyamu ndipo chakumwa chimamveka chitsulo. Mukafinyira m'kapu, vutoli palibe.

Mudzaona kuti madzi a jinja, amene anali achikasu chotuwa, amayererako ndimu likangolowa, ndipo nthawi zina amasanduka ofiirira pang'ono. Musadabwe nazo. Ndi utoto wachilengedwe wa jinja wina umene umasintha ukakumana ndi asidi.

Uchi, chakumwa chitafunda

Gwirani kapu ndi manja onse awiri. Ngati mungathe kuigwira osaisiya, ndipo mukapsontha pang'ono lilime silikupsa, nthawi ya uchi yakwana. Thirani supuni yaing'ono imodzi, takasani mpaka usungunuke, lawani.

M'mng'oma, njuchi zimasunga ana awo pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 35. Uchi ukatenthedwa kupitirira pamenepo kwambiri umayamba kutaya fungo la maluwa ndi mankhwala achilengedwe otchedwa ma enzyme amene njuchi zinaikamo. Mwa ma enzyme amenewa muli glucose oxidase, imene imathandiza uchi kulimbana ndi tizilombo. Pali mphekesera yakuti uchi wothiridwa m'madzi otentha umasanduka poizoni. Imeneyo si yoona. Umangotsala wotsekemera chabe, zimene munaugulira zitachepa.

Kudikira kuti chakumwa chifunde kumatetezanso kum'mero kwanu. Mu 2016 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kum'mero. Maganizo akuti chakumwa chikaotcha ndiye kuti chikupha tizilombo pakhosi ndi olakwika. Chikupsereza pakhosi pomwe patupa kale.

Mukalawa n'kupeza kuti jinja wachuluka ukali kapena ndimu lawawasa kwambiri, onjezerani madzi ofunda, osati uchi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa ali ndi cholinga chabwino. Uchi, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse ndi shuga, ndipo supuni yaing'ono imodzi imanyamula magalamu pafupifupi 6 a shuga. Malangizo a WHO a mu 2015 amawerengera uchi pamodzi ndi shuga wothira, ndipo amati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, makamaka atatsika kufika pa 25. Makapu awiri okhala ndi masupuni awiri iliyonse afika kale pa magalamu pafupifupi 24, musanadye china chilichonse chotsekemera. Kwa ine supuni imodzi pa kapu ndi yokwanira, yachiwiri ndi ya tsiku limene chifuwa chavuta.

Imwani pang'onopang'ono, mopsontha, kuti chakumwa chizikhalitsa pakhosi. Makapu awiri patsiku akwana. Malangizo ofala amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 a jinja wouma patsiku, ndipo poti jinja wamuwisi ndi madzi pafupifupi magawo anayi mwa asanu, kachidutswa kathu ka magalamu 20 kali m'malire momwemo. Mukamaliza, chukuchani m'kamwa ndi madzi wamba ndipo dikirani theka la ola musanatsuke mano. Asidi wa ndimu amafewetsa kunja kwa mano kwa kanthawi, ndiye mswachi ukapitapo nthawi yomweyo umawapala. Amene amamwa tsiku lililonse asanyozere zimenezi, chifukwa kunja kwa dzino kukatha sikumeranso.

Chimene chakumwachi chimachita

Ndimachikonda chakumwachi, ndipo n'chifukwa chake sindifuna kuchinamizira. Ntchito yake ndi kupepuza.

Pa zitatuzi, uchi ndiwo uli ndi umboni wooneka pa chifuwa. Mu 2007 ofufuza a pa yunivesite ya Penn State ku America anayesa ana 105 a zaka 2 mpaka 18 amene anali ndi chifuwa cha chimfine, ndipo makolo a ana amene anapatsidwa uchi asanagone ananena kuti anawo anatsokomola pang'ono n'kugona bwino kuposa amene sanapatsidwe kanthu. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku England, m'malangizo ake a mu 2019 okhudza chifuwa chongoyamba, linatchula uchi ngati chinthu chimene munthu wopitirira chaka chimodzi angayesere kunyumba. Uchi umakuta pakhosi pokanda n'kuchepetsa chikoka chofuna kutsokomola. Ngati chifuwa chikukulandani tulo, kapu yachiwiri ija imweni chakumadzulo, ndipo musanagone munyambite supuni ya uchi wokhawokha.

Jinja amadziwika kwambiri pa mseru, makamaka wa amayi oyembekezera m'miyezi yoyambirira, ndipo ena amamudalira pa ulendo. Pa mseru, chakumwa chikhale chofatsa, chopsontha pang'onopang'ono. Chaukali chimautsa m'mimba.

Ndimu limodzi limapereka vitamini C pafupifupi mamiligalamu 20, pomwe munthu wamkulu amafunika pakati pa 45 ndi 90 patsiku malinga ndi miyezo ya mabungwe osiyanasiyana. Ndi chopereka chabwino koma chochepa. Bungwe la zaumoyo la Cochrane litaunika kafukufuku wambiri mu 2013 linapeza kuti ngakhale anthu omwa mamiligalamu 200 kapena kuposerapo tsiku lililonse amadwalabe chimfine ngati anzawo, kungoti chimatha msanga pang'ono. Ndiye kapu ya ndimu siingatseke chimfine pakhomo. Chimene imachita ndi kukometsa madzi kuti wodwala amene sakufuna kumwa kanthu amweko, ndipo madzi ofundawo amafewetsa makhololo ndi mamina. Chimfine chimayamba ndi mavairasi ndipo nthawi zambiri chimatha chokha pa masiku 7 mpaka 10. Chakumwachi chimangothandiza kuti masiku amenewo apiririke.

Zoti chimasungunula mafuta a pamimba, chimatsuka magazi, kapena chimachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khansa, n'zopanda umboni. Ntchito yochotsa zoipa m'thupi ndi ya chiwindi ndi impso. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi munthu amene amasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa wauzidwa kuti jinja ndi ndimu zikwanira. Musasiye mankhwala alionse amene dokotala anakulemberani chifukwa cha chakumwa ichi.

Amene ayenera kusamala

Khanda losakwana miyezi 12 lisapatsidwe uchi ngakhale pang'ono, kaya m'madzi, kaya wopaka pachala kapena pabere. Mu uchi mumatha kukhala njere za bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum. M'matumbo mwa munthu wamkulu sizichita kanthu, koma mwa khanda zimamera n'kutulutsa poizoni wofooketsa minofu. Mwana amayamba kudzimbidwa, kulephera kuyamwa, kulira mofooka, khosi kulendewera, ndipo mapeto ake amatha kulephera kupuma. Kuwiritsa sikuzipha njerezi, choncho palibe kakonzedwe kamene kangachititse uchi kukhala wabwino kwa khanda. Mwana wosakwana miyezi 6 amafunika bere lokha. Wopitirira chaka angamwe, koma msungunulireni ndi madzi ambiri kuti jinja angomveka patalipatali, kapena m'patseni theka la supuni yaing'ono ya uchi wokha.

Mayi woyembekezera asapitirire galamu imodzi ya jinja wouma patsiku, komwe ndi kagawo kakang'ono ka kachidutswa kathu kaja, ndipo awauze a kusikelo kuti akumwa. Amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, amene akuyembekezera opaleshoni, ndi amene ali ndi timiyala ta m'ndulu afunse kaye dokotala asanazolowere kumwa tsiku lililonse. Wodwala shuga adziwe kuti uchi umakweza shuga m'magazi monga shuga wina aliyense, ndipo angathe kumwa jinja ndi ndimu zokha. Wovutika ndi chilungulira kapena zilonda za m'mimba achepetse ndimu ndi jinja, amwe atadya, ndipo chikamamuotcha pamtima asiye.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira poto. Chifuwa chikatha masabata awiri, makamaka ngati pali kutuluka thukuta usiku, kuwonda kapena magazi m'makhololo, kayezetseni chifuwa chachikulu. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, chingakhale chibayo ndipo athamangire naye kuchipatala. Chimodzimodzi munthu wobanika, womva kupweteka pachifuwa, wolephera kumeza, kapena amene thupi latentha kwambiri. Kumadera kumene kuli malungo, thupi likatentha kayezetseni magazi tsiku lomwelo.

Kukonzeratu cha masiku angapo

Ngati m'nyumba muli odwala angapo kapena m'mawa mumakhala pa changu, wiritsani madzi a jinja ochuluka, malita awiri ndi jinja wa magalamu 60 mpaka 80. Sefani, adikireni azizire, thirani m'botolo lagalasi lotsukidwa bwino n'kuika m'firiji. Amakhala masiku atatu. Popanda firiji, konzani a tsiku limodzi basi, ndipo fulasiki imawasunga otentha mpaka madzulo. M'botolo kapena m'fulasiki muzikhala jinja yekha. Ndimu ndi uchi zizilowa m'kapu pa nthawi yomwera, mutatenthetsako madzi a jinjawo. Amene ali ndi firiji youmitsa angathire madziwa m'timbale topangira ayezi, n'kumatenga timibulu tiwiri kapena titatu pa kapu ya madzi otentha.

Njira ina yotchuka ndi yosanja timapisi ta ndimu ndi jinja m'botolo lapakamwa papakulu n'kuthirapo uchi mpaka zonse zimire. Pofika mawa lake mudzapeza uchi wasungunuka n'kukhala wamadzimadzi, chifukwa wakoka madzi a m'ndimu ndi m'jinja. Masupuni aang'ono awiri a madzi amenewo m'kapu ya madzi ofunda ndi chakumwa chokoma chofulumira. Chotsani njere musanasanje, ndipo ngati simufuna kuwawa sendani mandimuwo. Popeza jinja wa m'botolo sapita pamoto, ukali wake umakhala wochepa, choncho ndi bwino kumupala m'malo modula.

Chofunika kudziwa pa njira imeneyi n'chakuti uchi suwonongeka chifukwa uli ndi madzi ochepa, pafupifupi magawo 17 kapena 18 pa 100. Ukangomwa madzi a ndimu, chitetezo chimenecho chimachepa ndipo umatha kusasa. Choncho botololo likhale m'firiji, mukonze longokwana sabata imodzi, ndipo potunga muzigwiritsa ntchito supuni youma yoyera, osati imene yachokera m'kamwa kapena m'kapu. Mukaona thovu pamwamba, chivindikiro chitafufuma, chuku pa timapisi timene tayandama, kapena mukamva fungo la mowa potsegula, tayani zonse, mutsuke botolo ndi madzi owira musanasanjemo zina.